Gitala ya bambo pa maliro a atelala

Bambo anga anali mkulu wa mpingo, anali wozimitsa moto pa bwalo la ndege ku Chileka mpaka pamene anapuma ntchito, ndipo anali munthu wouma mutu kuposa aliyense amene ndinamuonapo. Kuuma mutu kumeneko ndi kumene kunatinyamulitsa gitala kupita nayo ku maliro a Chisilamu.

Ndiyambe ndi nyimbozo. Bambo ankakonda kantire, nyimbo zija za anthu akumidzi ya ku Amereka, zodandaula za mkazi amene wakwera sitima osatsanzika, mayi wokalamba wodikira mwana wake wa kundende, munda umene wapsa ndi dzuwa. Anazidziwira pa wailesi ali mnyamata, ndipo anali ndi gitala yakale yopanda magetsi, imene ankaisunga m'thumba la nsalu pamwamba pa kabati. Ife ana kungoikhudza, tinkaona zakuda.

Mnzawo woimba naye anali telala wa ku Lirangwe, Msilamu, mdala wamfupi wa kandevu koyera ndi kofiya yosachoka kumutu. Kwathu tinkangoti atelala. Anakumana tsiku limene bambo anapita ku msika wa Lirangwe kukagula mbuzi ya Khirisimasi. Akudutsa pakhonde la sitolo anamva banjo ikulira nyimbo imene iwo ankaidziwa, ndiye anaima nkuyamba kuimba ndi mawu awo apansi aja. Atelala, osadzutsa ngakhale mutu, anakwera pamwamba pa mawu a bambo. Mbuzi sinagulidwe tsiku limenelo, ndipo amayi nkhani ya mbuziyo amaikumbabe.

Banjoyo atelala anapanga okha. Chigubu cha oilo, chikopa cha mbuzi, nsambo zake mawaya a buleki ya njinga. Kuiona ungaseke, koma ikalira unkasiya zimene ukuchita.

Kuyambira pamenepo Loweruka linali lawo. Mlungu uno pakhonde pathu ku Chileka, mlungu wamawa ku Lirangwe. Nthawi zina ankaitanidwa ku chinkhoswe kapena ku ukwati, madala awiri pa mipando iwiri, opanda ng'oma, opanda zokuzira mawu. Kaimbidwe kawo kanali kotere: bambo ankayamba okha ndime, ndiye akafika pa kolasi ankasiya kampata, kongokwana kupuma kamodzi, ndipo atelala ankalowa pamenepo ndi mawu ang'ono akuthwa, bambo nkuwatsatira pansi. Kampata kameneko bambo sankakadumpha ngakhale akuimba okha kubafa. Ankati, "Pamenepo ndi pa achimwene, ine sindipondapo." Ndege ikamadutsa pamwamba pa denga lathu, onse ankaima, manja ali pa nsambo, nkudikira phokoso lithe, kenako nkuyambira pomwe anasiyira.

Poyamba ankaimba za Chingerezi za pa wailesi. Kenako atelala anayamba kubwera ndi mawu a Chichewa, bambo nkumawaika pa gitala. Za mwana wopita ku Joni osabwerera, za chimanga chofota ku Mdeka, za minibasi yofera pa Lunzu. Bambo ankafunsa, "Achimwene, mawu amenewa mumawatenga kuti?" Atelala ankangoti, "Makina akamalira, mawu amabwera okha." Nditagula foni yaikulu ndinawaonetsa achinyamata a ku Amereka oimba awiriawiri, gitala ndi banjo basi, mawu ataphatikizana. Atelala anayang'anitsitsa, nkunena kuti, "Aaa, anawa akutikopera!"

Sikuti aliyense ankasangalala nazo. Bambo anaitanidwapo ndi akuluakulu a mpingo, ati mkulu wa mpingo sangamaimbe za dziko m'maukwati. Atelala nawo ashehe anawakhazikapo pansi. Onse awiri anauzana nkhanizo Loweruka lotsatira, akuseka mpaka kutsokomola. Koma amene ankadana nazo zenizeni, mmene ife tinkaonera, anali akazi a atelala, amene tinkawatchula kuti amayi a ku Lirangwe. Mayi wamtali, wosaseka wamba, wogulitsa zitumbuwa pa msewu. Ndinaperekezapo bambo kangapo, ndipo nthawi zonse zinali chimodzimodzi. Gitala ikangoti ilire, amayiwo ankatulukira ndi tiyi, nkuika makapu pansi mwamphamvu.

"Mwayamba phokoso lanu lija? Anthu akuluakulu, wina mkulu wa tchalitchi, wina ndevu zayera kale! Manyazi mulibe?"

Akatero ankapita kuseri kwa nyumba, osatulukanso mpaka ife titatsanzika.

Lonjezo linachitikira pakhonde pathu, ine ndikuchapa pafupi pomwepo. Anali atangomaliza nyimbo yawo ya sitima, imene ankaikonda kuposa zonse. Imanena za munthu woima pa siteshoni ya Lirangwe m'mawa, akupempha sitima kuti imudikire. Atelala anaika banjo pa maondo nkunena kuti, "Achimwene, ine ndikadzafa mudzandiimbire imeneyi. Musadzandisiye ndipite duu ngati thumba la makala."

Bambo anati, "Ndidzaimba. Ndipo ndikadzatsogola ine, banjoyo idzalire."

Anagwirana chanza. Amayi ali kukhitchini anakuwa kuti, "Kodi mukulodzana?" Atelala anaseka kwambiri, koma bambo sanaseke. Bambo anga chanza sankachita nacho nthabwala.

Loweruka lomaliza atelala anali kwathu. Anadya bwinobwino, anadandaula pang'ono kuti pamtima pakutentha, nkunamizira mbatata. Anaimba mpaka dzuwa kupendeka, bambo nkuwaperekeza pa siteji. M'mawa mwake linali Lamulungu. Titangotuluka m'tchalitchi bambo anayatsa foni, ndipo inalira nthawi yomweyo. Anali mwana wamkulu wa atelala, mnyamata wophunzira kwambiri za chipembedzo. Ndinamva mawu ake ndili pambali.

"Bambo atisiya m'mawa uno. Tiika ikatha swala ya masana."

Bambo anangoti, "Wati chiyani?" Anabwerezanso, "Wati chiyani iwe? Dzulo lomweli anali pakhonde panga!" Munthu amene dzulo ndinamuthirira madzi osamba m'manja, lero ati akuikidwa masana ano! Ife kwathu maliro amagona. Timadikira achibale a ku Lilongwe, makwaya amasinthana, pamakhala bokosi, nkhata, zolankhula zosatha. Ndinkadziwa kuti anzathu Achisilamu sachedwetsa, koma kudziwa ndi kwina, kukugwera ndi kwina.

Titafika kunyumba bambo sanavule ngakhale suti. Anakwera pa mpando nkutsitsa gitala pa kabati. Amayi anagwira pakamwa.

"Bambo ake, mukupita nayo kuti imeneyo? Kumeneko saimba ndi magitala pa maliro. Mukatichititsa manyazi!"

"Ndinalonjeza."

"Munthu uja ankaseka!"

"Ine sindinkaseka."

Amayi anandikankha pamsana. "Pita nawo, ukawagwire. Ine nditsatira ndi ufa." Kuwagwira bambo anga! Ndani anawagwirapo?

Tinakwera minibasi mpaka pa Kameza, kenako ina ya ku Zalewa. Kondakitala ataona mdala wa suti yakuda atakumbatira gitala anati, "Abusa, kuli dansi kuti lero?" Ndinamuyang'ana diso limodzi lokha, anatseka pakamwa. Njira yonse ndinkawanyengerera bambo. Ndinati tikaisiye pa golosale ya pa msewu, tikaitenga pobwerera. Ndinati akaimbe chamumtima. Pa Lunzu ndinapsa mtima, ndinati, "Bambo, maliro si anu amenewa, ndi a eni ake!" Ankangoyang'ana pawindo, chala chawo chikugogoda pa thumba.

Chimene chinandidabwitsa titafika ndi bata. Anthu anali ambiri, bwalo lonse makofiya okhaokha, koma zii. Panalibe kwaya, panalibe wolira mofuula. Thupi linali litasambitsidwa kale, litakulungidwa m'sanda, nsalu yoyera ija, ndipo linali pa jeneza, chonyamulira maliro chawo. Amuna anali atangomaliza kupemphera m'mizere. Ndinaona kachinthu kafupi kali gone pamenepo, ndinalephera kukhulupirira kuti ndi atelala.

Ndisanapeze pokhala, ndinamva zipi ya thumba. Abale inu! Bambo anali ataima pakati pa bwalo, suti yawo yakuda imene inasokedwa ndi atelala omwewo, gitala ili pachifuwa. Anakhwacha nsambo kamodzi. M'bata limene lija, kulirako kunamveka mpaka ku msewu. Mitu yonse inatembenuka. Ine ndinalakalaka nthaka itang'ambika ndilowe.

Mwana wamkulu uja anafika mothamanga nkuphimba nsambo ndi chikhatho chake.

"Bambo, pepani. Kuno ayi."

"Ndinawalonjeza bambo ako."

"Ndikudziwa kuti munali pachibale. Koma kuno ayi. Pano ayi, kumanda ayi."

"Chotsa dzanja, mwana wanga."

"Sindichotsa."

Onse awiri maso ali psuu, gitala ili pakati. Amuna ena anayamba kuyandikira, ena kung'ung'udza. Ndinkaona ndewu ikubwera pa maliro a munthu amene sanamenyanepo ndi aliyense. Ndinakwiyira bambo chifukwa cha liuma lawo, ndinakwiyira mnyamatayo chifukwa chogwira gitala imene ngakhale ife sitinkaikhudza, ndipo ndinakwiyira atelala chifukwa chofa osatichenjeza. Ndinakuwa, "Bambo, tasiyani!" koma mawu anga sanapite patali.

Amene anabwera anali ashehe, nkhalamba yoyenda ndi ndodo. Sanakweze mawu. Anati, "Akulu, mnzanuyu akufulumira. Pa jeneza pakufunika manja anu onse awiri. Simunganyamule gitala ndi mnzanu nthawi imodzi."

Bambo anatembenuka. Jeneza linali litakwera kale pa mapewa, likutuluka pa bwalo, ndipo kuyenda kwake sikunali kwa pang'onopang'ono ngati kwathu. Ankapita nalo mwachangu, amuna akulandirana, uyu wanyamula pang'ono, wina walowa. Bambo anayang'ana gitala, anayang'ana jeneza. Kenako anandigunditsa gitalayo pachifuwa nkuthamanga. Munthu wa bondo lovuta, wokwera masitepe a tchalitchi mogwirira, anathamanga. Ndinawaona akulowetsa phewa pansi pa jeneza, mutu wawo wopanda kofiya uli wokha pakati pa ena onse. Wina akawalandira, iwo ankazungulira nkulowanso mbali ina. Ndinawaona mpaka pamene anakhota pa mlambe, chifukwa ife akazi kumanda sitipita.

Ndinatsala ndi chigitala m'manja pakati pa amayi ofunda mipango, osadziwa poika. Ndinalowa m'nyumba ndikukwawa ndi maondo. Amayi a ku Lirangwe anali pa mkeka, maso ouma gwa. Anayang'ana ine, anayang'ana gitala. Ndinati lero ndiye nditukwanidwa. Iwo anangoti, "Kaikeni kuchipinda, kumene kuli inzake." Banjo inali pa msomali pamwamba pa makina osokera, ndipo ndinatsamiritsa gitala pakhoma pansi pake.

Bambo anabwerako suti ili mbuu ndi dothi. Anakhala pa mwala kunja kwa mpanda. Ankalankhula ngati sakundiona.

"Bokosi palibe. Amugoneka chammbali, nsalu yokhayo. Dothi ndathira ndi manja angawa." Kenako anati, "Sindinaimbe. Ndamunamiza munthu uja."

Potsanzika ndinati ndikatenge gitala. Bambo anati, "Isiye."

Miyezi yotsatira inandiopsa kuposa tsiku la maliro. Bambo anasiya kuimba. Sindikunena gitala yokha, ngakhale m'tchalitchi ankangotsegula buku la nyimbo milomo ili tseke. Kantire ikayamba pa wailesi ankadzuka nkuzimitsa. Loweruka ankatulutsa mipando iwiri mwachizolowezi, kenako nkukhala pa umodzi, kumangoyang'ana ndege. Malaya anayamba kuwakulira. Kuchipatala anati sakupeza matenda. Tsiku lina mtima unandikwera, ndinawaimirira pamaso.

"Bambo, munthu anaikidwa bwinobwino mwa chipembedzo chake. Munamunyamula ndi phewa lanu. Mukufunanso chiyani? Mukufuna mumutsatire?"

Anandiyang'ana nkunena kuti, "Ndinagwira chanza." Basi. Ndinapita kuseri kukalira, chifukwa ndinaona kuti lonjezo limeneli litiphera bambo tikuona.

Amayi a ku Lirangwe sitinawaone nthawi yonseyo. Anali pa eda, miyezi imene mkazi wamasiye amakhala pakhomo osayenda. Ndiye Loweruka lina masana, ine ndi amayi tikusankha nyemba, njinga yamoto inaima pa geti. Woyendetsa anali mwana wamkulu uja, yemwe uja anaphimba nsambo, ndipo kumsana kwake anali atabereka gitala ya bambo. Kumbuyo kunatsika amayi ake, atanyamula chinthu chokulunga m'chitenje.

Mnyamatayo anapereka moni mwaulemu, anatula gitala pakhonde, nkunena kuti, "Amayi anati ndiwaperekeze." Kenako anakakhala patali, pansi pa mtengo wa mango.

Amayiwo anamasula chitenje, anatulutsa banjo nkuigoneka pa mpando wachiwiri uja. Iwo anakhala pa mkeka. Atatha malonje anayang'ana bambo kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Alamu, mwatha chonchi? Lonjezo lanu lija ndikulidziwa. Anabwera nalo kunyumba akuseka. Ndinamuuza kuti, iwe, ukudziwa kuti kumanda sizingatheke, bwanji ukumuvutitsa mnzako? Iye anati, mdala uja adzapeza njira. Ndiye njirayo simunaipeze. Pano si pamanda, eda yatha. Imbani."

Bambo anapukusa mutu. "Sindingathe, alamu. Nyimbo imene ija ndi ya anthu awiri."

"Imbani, ndatero."

Palibe amene ankalankhula ndi bambo anga chonchi, ngakhale amayi. Koma anatenga gitala. Kuchuna kokha kunatenga nthawi, nsambo zinali zitachita dzimbiri ndipo zala zawo sizinkamvera. Kenako anayamba, mawu osasa ngati a munthu wodzuka kumene:

"Sitima ya m'mawa, tandidikira,
ndaima pa Lirangwe, dzuwa likutuluka."

Anamaliza ndime yonse, nkufika pa kampata kaja. Anasiya, monga ankachitira nthawi zonse. Ine ndinkadziwa kuti palibe wolowa.

"Ndilibe thumba, ndilibe sutikesi,
nsalu imodzi yandikwana."

Mawu ang'ono, akuthwa, apamwamba, ndi kakupotoza komwe kaja kumapeto. Amachokera pa mkeka. Amayi anga anagwetsa lichero, nyemba zonse mbwee pansi. Ine ndinakuwa, "Mayo!" Manja a bambo anauma pa nsambo.

"Alamu! Mukuidziwa?"

"Ndingalephere kudziwa nyimbo yanga? Mumayesa mawu aja ankatuluka m'makina? Uja ankatha banjo ndi mathalauza basi. Ndinkapeka ndine, ndikukazinga zitumbuwa. Ndikamuimbira m'mawa, iye nkudzatenga ulemu kuno ku Chileka."

Amayi anga anali chigwirire kumutu. Ine ndinafunsa mopusa, "Nanga kukalipa kuja?"

"Iwe, mkazi ngati ine ndikanakhala pakhonde ndi amuna nkumaimba? Anthu akanati chiyani? Ndinkakalipa kuti ndipeze chopitira kuseri. Kumeneko ndiye ndinkamva bwino ngati akuziimba molondola. Ndipo ndime yachitatu bambo akowa amailakwitsa nthawi zonse."

Mwana wawo anali atadzuka pansi pa mango, wafika pa masitepe, maso ali tong'o. "Amayi? Inuyo?"

"Khala pansi iwe. Bambo ako ndinawalira mwakachetechete monga zimayenera. Lero ndiwalira mmene tinkakhalira."

Mnyamatayo anaima pang'ono, kenako anakhala pa sitepe, mutu uli pakati pa maondo.

Nyimbo inayambiranso pachiyambi. Ulendo uno mawu a bambo anatseguka, ndipo pa kampata paja amayiwo analowa, bambo nkuwatsatira pansi. Ali pakati pa ndime yachiwiri ndege inadutsa pamwamba pa denga. Onse awiri anaima nthawi imodzi, popanda kuuzana, nkudikira, kenako nkuyambira pomwe anasiyira. Pamenepo ndiye misozi inandigonjetsa. Banjo inali chigonere pa mpando, palibe anaikhudza.

Nyimbo itatha, bambo anagwira nsambo kuti zisiye kulira. Anatembenukira ku mpando uja.

"Ndaimba, achimwene."

Amayi a ku Lirangwe anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Mwaimba, alamu," anatero. "Koma yachitatu ija mwalakwitsanso."

Bambo anaseka, koyamba chimwalirire mnzawo. Anaseka mpaka kusekako kunasanduka kulira, ndipo analira mokweza, mutu uli pa gitala, ife tonse tikuwaona.